Chaka Chimene Tinacheka Magoli

Ine pa moyo wanga ndaonongapo katundu wa eni ake, ndipo sindinakalape kwa ansembe ngakhale kamodzi. Magoli asanu ndi limodzi a ng'ombe ndinawacheka ndi manja angawa, mvula ili pafupi kugwa. Goli lachisanu ndi chiwiri anacheka munthu wina, ameneyo ndimufikira. Mukandifunsa ngati ndimamva chisoni, ndikuuzani poyera kuti sowo imene ndinachekera ija nditaipeza lero ndingachekenso.

Amuna anga anali mmisiri wosema magoli. Kwathu kuno, kuseri kwa Chalimbana, munthu akafuna goli losatupitsa ng'ombe pakhosi ankabwera pakhomo pathu. Iwo sankathamangira kudula mtengo ayi. Ankayamba apita kukhola kwa mwini ng'ombeyo, n'kuzisisita pakhosi, kuyeza ndi chikhatho, kenako n'kubwerako osanena kanthu. Pakatha masiku atatu goli latha, losalala ngati munsi wakale. Ankasemanso zikeyi, timitengo tija timalowa m'mabowo a goli kupanira khosi la ng'ombe, komanso mipini ndi timipando. Anali munthu wa mawu ochepa. Pakamwa pa banja lonse anandisiyira ine, ndipo ine sindinakane.

Tinali ndi ng'ombe zathu zisanu ndi zitatu, imodzi yakuda imene iwo ankaikonda koposa. Ana asanu ndinawabereka ine, koma ndikanena zoona, kumene abambowa ankacheza momasuka kunali kukhola. Ndinkawaseka kuti mukanakwatira ng'ombe yakuda ija, bwenzi m'nyumba muno muli nkhani tsiku lililonse. Iwo ankangomwetulira n'kuti, "Iyo siyankha, amake mwana. Ndiye ubwino wake."

Ndiye kunabwera denkete, nthenda ija imadza ndi nkhupakupa. Dibi ya m'dera lathu inali itatha miyezi yopanda mankhwala, ndipo ife tinali titazolowera kuti za dibi n'za boma, palibe amene anaganiza zochitapo kanthu payekha. Nthendayo inali ya tsankho. Inkalumpha khola ili n'kulowa linalo. Kwa mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, inatenga imodzi yokha. Kwathu inasesa zonse. Yakuda ija ndiyo inatsiriza, ndipo inafa mutu uli pamiyendo pawo.

Maliro a ng'ombe salira, choncho anthu anangoti pepani n'kubwerera ku ntchito zawo. Ine ndinati mwamuna adandaula sabata imodzi, adzuka. Sabata inatha, mwezi unatha. Abambo ankatuluka m'mawa, n'kukakhala pa chitsa pafupi ndi khola lopanda kanthu, maso ali pansi, mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya ankangotsina kawiri n'kukankha mbale. Kutchalitchi analeka. Kusamba mpaka ndichite kuwakoka. Sankatukwana, sankathamangitsa anthu, sankavula zovala monga achitira ena odwala mutu. Ankangozima pang'onopang'ono ngati nyali yotha palafini.

Apa ndiulule tchimo langa lenileni. Ndinawakalipira. Mayo ine, ndinawakalipira! Ndinati, "Imwe, ng'ombe zafa kwa imwe mweka? Ana adye chitsa icho?" Ndinayesa kuti ndi ulesi, kapena kudzimvera chisoni kwa amuna. Iwo anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Nilibe ntchito pano. Nili chabe kudya chakudya cha ana." Ndinadziwa kumene mawu amenewo ankalozera. Tsiku lomwelo ndinasonkhanitsa zingwe zonse za ng'ombe n'kukazisiya kwa mlamu. Botolo la mankhwala a thonje ndinakalikwirira kumunda. Sompho, nkhwangwa ndi sowo ndinazibisa pansi pa nkhokwe. Sindinauze munthu chifukwa chake.

Koma pamudzi palibe chinsinsi, makamaka masiku amenewo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo boma linali m'chilichonse. Chimanga linkagula ndi boma, feteleza ankabwera ndi boma, sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, tinkaimira mzere pa shopu ya boma. M'mudzi uliwonse munali tcheyamani wa chipani, amene ntchito yake inali kudziwa zonse, ndi za m'mphika mwako zomwe.

Tcheyamani wathu sanali munthu woipa, Mulungu ause mzimu wake. Anakulira limodzi ndi amuna anga, ankaweta ng'ombe dambo limodzi ali ana. Vuto lake linali lokhulupirira mapepala kuposa Baibulo. Ankavala suti ya safari ngakhale popita kumunda, faelo ili m'khwapa, bolopeni ziwiri pathumba. Mwana akagwa mumtengo, iye asanamutole ankayamba waganiza kuti kalata yake ilembedwe kupita ku ofesi iti.

Anafika pakhomo tsiku lina masana, n'kukaima kwa nthawi ndithu pafupi ndi mnzakeyo. Anamupatsa moni katatu, osayankhidwa. Atabwera kwa ine maso ake anali ofiira.

"Mulamu," anatero, "uyu munthu adwala mutu. Nalemba kale kalata. Motoka ya boma izabwera kumutenga, apite ku chipatala cha odwala misala ku Lusaka."

"Mwalemba kalata? Munafunsa ndani, ba Tcheyamani?"

"Sivofunsa ivi. Boma ni tate, boma ni mai. Munthu akadwala so, ni wa boma."

"Wa boma? Pa ukwati wathu boma inalipo? Boma idziwa kuti uyu munthu sadya delele? Idziwa kuti akakhala chete maningi ufunika kumufunsa za mitengo?"

Anapukusa mutu, n'kutsegula faelo kundionetsa kalatayo, ngati kuti chidindo chinditonthoza. Mwayi wanga unali umodzi: galimoto ya boma inali imodzi dera lonse, petulo wosowa. Anati ifika Lolemba loyamba mwezi wa mawa ukatha. Nditawerenga pa zala ndinapeza masabata asanu.

Musandimve molakwa. Chipatala chimenecho sindinafikeko, sindingachinenere choipa, ndipo alipo amene anapita n'kubwerako ali bwino. Alipo odwala amene malo awo ndi kumeneko. Koma ine ndinkamudziwa munthu wanga. Chimene chinkamudya chinali choti alibenso ntchito pa dziko. Tsono mumutenge munthu wotero, mukamuike pa bedi pakati pa alendo, kumene ngakhale nkhuku siimufuna, ndiye kuti mwamuvomereza kuti ankanena zoona. Ndinkaona kuti akakwera galimoto imeneyo sadzabwerako, ngakhale thupi litabwera.

M'mawa mwake ndinasiya mlamu akuwayang'anira, ine n'kuyenda wapansi kupita ku kiliniki. Kunali bambo wina wamfupi, wa dazi, amene tonse tinkamutcha adokotala ngakhale iye ankakana kuti sanafike pamenepo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chinthu chimene anthu ambiri amalephera. Kenako anati, "Amai, si ulesi uwu, si ufiti, ndipo si misala ya kuthamanga. Ni matenda, monga malungo, koma yagwira mtima na maganizo. Mankhwala nili nayo pang'ono. Nizabwera kumuona."

Anabweradi pa njinga Lachisanu, nakhala nawo pa chitsa paja ola lathunthu. Pochoka anandipatsa timapilisi m'kapepala, nandiuza zinthu zitatu. Choyamba, mankhwalawa sagwira lero, amatenga masabata. Chachiwiri, munthuyu asakhale yekha. Chachitatu ndi chimene ndimakumbukira kwambiri. Anati, "Mapilisi yanga yangamuimike pa miyendo, koma siyangamuuze kopita. Kopita muzamupezera ndimwe." Anawonjeza kuti akaona kusintha, alemba kalata yake yoti wodwalayo achirire pakhomo, koma sangalembe bodza.

Masabata awiri anapita, ine ndikuwamwetsa mapilisi ngati mwana. Tulo anayamba kupezako, chakudya n'kumatsina kanayi m'malo mwa kawiri. Koma chitsa chinali chomwecho, maso pansi pomwepo. Azimayi a mphakati wathu, kagulu kathu kopemphera pamudzi, ankabwera kudzaimba nyimbo. Abambo ankangowayang'ana ngati akuona mvula ikugwa kutsidya.

Chimene chinatsegula njira chinali mpini wa khasu. Mayi wina wamasiye, woyandikana nafe, anabwera kudzapempha moto, khasu lili paphewa. Mpini wake unali wong'aluka, atamanga ndi mphira. Akudutsa pafupi ndi chitsa, ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamve kwa masiku ambiri.

"Uwo mpini uzakupwetekani."

Tonse awiri tinaima ngati tamva mzukwa. Mayiyo, wanzeru zake, sanachedwe. Anati, "Nanga nizachita bwanji, bambo? Wonikonzera nilibe." Abambo anatambasula dzanja. Ine ndinathamanga kunkhokwe, ndinakwawa pansi ngati galu, n'kutulutsa sompho. Ndinaipereka, koma ndinakhala pomwepo osachoka. Mpini umene kale ankasema asanamwe tiyi unawatengera tsiku lonse. Madzulo ake anamaliza mbale yonse, n'kufunsa ngati mayi uja wanena kuti mpiniwo uli bwino.

M'mawa anabwerera pa chitsa. Mpini unali utatha, ntchito inali itathanso.

Ndinaima pakhomo n'kumaganiza. Mipini yothyoka m'mudzi ingakwane masiku angati? Komanso mpini ndi kantchito ka ana. Chimene chinkawapatsa ulemu abambowa ndi goli. Koma magoli onse a m'mudzimo anasema ndi iwo omwe, ndipo goli lawo silinkathyoka wamba, linkatha zaka. Apa ndiye ndinawakwiyira chifukwa cha luso lawo lomwe. Ndinatenga sowo, ndinaikulunga m'chitenje, ulendo kwa mlamu.

"Mulamu, goli yanu ili kuti?"

"Ili mu shedi. Bwanji?"

"Nifuna niicheke."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mulamu, kansi matenda aya ni opatsirana? Naimwe mwayamba?"

Ndinamufotokozera. Anakanda mutu, nayang'ana kumwamba. Unali mwezi wotentha uja, mitambo itayamba kusonkhana masana. Munthu wa ng'ombe amadziwa kuti mvula yoyamba ikagwa, tsiku lililonse losalima ndi njala ya chaka chamawa. Kumupempha goli nthawi imeneyo kunali kumupempha chakudya cha ana ake. Anati, "Nanga akakangiwa kusema? Nanga mvula ikagwa mailo?" Ine ndinati zoti alephera kusema kapena mvula igwa mawa, sindikudziwa. Ndinalibe bodza loti ndimunamize. Analowa mu shedi n'kutulutsa golilo yekha, naligoneka pa mwala. Anati, "Chekani imwe. Ine manja yanga yakana."

Tinapangana nzeru yake. Ndinkacheka mpaka pakati, chapansi pamene sipaoneka, kenako tinkalipanika pa mphanda ya mtengo n'kulikoka mpaka litathyoka. Pothyokapo tinkapaka dothi ndi ndowe kuti pazioneka pakale. Tinkadziona ngati akatswiri, ine ndi mlamu wanga, anthu awiri amene sitinasemepo ngakhale chipande.

Mlamu anafika nalo pakhomo nkhope ili yachisoni, moti akanakhala wa sewero akanalandira mphotho. "Akulu, naonongeka ine. Goli yathyoka, mvula iyi." Abambo analitembenuza golilo, napitsa chala pothyokapo. Anakhala nthawi yaitali chala chili pamenepo. Kenako anati, "Tiye tikaone ng'ombe zako." Kanali koyamba kutuluka pakhomo chifere ng'ombe yakuda. Ndinawayang'ana akupita, mkulu patsogolo mng'ono pambuyo, ndipo ndinalowa m'khitchini kukalira kuti ana asandione.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mfiti ya magoli. Ndinkayenda khomo ndi khomo, sowo m'chitenje. Ena anandikana, ndipo sindiwaimba mlandu. Mkulu wina anandithamangitsa ndi mawu, nati akazi a masiku ano tatha ulemu, koma patapita masiku awiri anatuma mkazi wake kudzandiitana. Katekisiti wathu anandiuza kuti bodza ndi tchimo, kenako n'kundilozera pamene panali goli lake, iye n'kutembenukira kumbali kuti asaone. Lamulo langa linali limodzi: mwini goli asangolisiya n'kupita. Azikhala pomwepo mpaka lithe, azipita nawo kuthengo kukadula mtengo, aziwagwirira posema. Motero abambo sankakhala okha ndi zitsulo, komanso ankamva nkhani za amuna anzawo, za mitengo ya feteleza, za mpira wa pa wailesi, za amene wakwatira kachiwiri.

Sikuti zinkayenda bwino tsiku lililonse ayi. Analipo masiku amene ankaika sompho pansi dzuwa lili pamutu, n'kubwerera pa chitsa, mwini goli atangoti kakasi. Goli lachitatu analiononga okha, anaboola bowo pokhota, ndipo tsiku limenelo sanadye. Ine usinkhu wanga wonse ndinali ndisanapemphereko kuti mvula ichedwe, koma chaka chimenecho ndinapemphera, Mulungu andikhululukire. Adokotala aja ankabwera Lachisanu lililonse. Ataona magoli atatu atsopano atatsamira khoma anandiyang'ana m'mbali, nati, "Amai, mu mudzi muno magoli yathyoka maningi chaka chino." Ine ndinati ndi chiswe. Anaseka mpaka anatsokomola.

Tcheyamani anamva Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti galimoto ifike. Anandipeza kuchitsime, ndipo sanandipatse ndi moni womwe.

"Mulamu, nimvela ati muyenda na sowo mu mudzi. Mudziwa kuti uku ni kuononga zida za ulimi? Boma ikamba kuti tilime maningi, imwe mucheka magoli! Iyi ni nkhani ya ku polisi."

Ndinatula ndowa. Azimayi onse anasiya kutunga.

"Ba Tcheyamani, lembani. Bolopeni muli nazo ziwiri. Lembani kuti mkazi wacheka magoli sikisi, eni ake anavomera, ndipo yonse yasemedwa yatsopano, yabwino kupambana yakale. Mulembenso kuti mnzanu amene munaweta naye ng'ombe dzulo anaseka. Anaseka, ba Tcheyamani! Kalata yanu inamusekesapo?"

"Malamulo ni malamulo. Kalata inapita kale."

"Imwe munabwera kangati kumuona kuchokera tsiku lija? Mwatuma pepala kuti ikamuone m'malo mwanu."

Apo ndinalasa pachilonda, ndinaona nkhope yake ikugwa. Anakonza faelo m'khwapa n'kumapita. Azimayi anandizinga, ena akuti ndalankhula bwino, ena akuti pakamwa panga padzandiphetsa. Ine ndinasenza ndowa ndikudziwa kuti ndamukwiyitsa munthu yekhayo amene akanaimitsa galimoto. Adokotala anali atalemba kalata yawo, inde, koma masiku amenewo kalata ya kiliniki inkalemera pang'ono kuposa mawu a tcheyamani.

Vuto linanso linali loti goli lachisanu ndi chimodzi linatha Loweruka lomwelo, ndipo panalibenso wina wovomera. Lamulungu lonse abambo anakhala pa chitsa. Lolemba m'mawa anakhalanso pomwepo, manja ali pamaondo, ndendende mmene tcheyamani anawaonera tsiku loyamba. Ndinati basi, zanga zada. Ndinawachapira malaya awiri n'kuwakulunga, ndikutukwana chamumtima.

Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva belu la njinga. Tcheyamani, suti ya safari ili pathupi, akukankha njinga, pakaliyala atamangapo goli. Goli lakelo ndinkalidziwa, abambo analisema chaka chapitacho, linali lisanathe ndi khungu lomwe. Linali pawiri. Koma kachekedwe kake, abale! Munthu wa mapepala uja anangocheka kuchoka pamwamba mpaka pansi, mowongoka ngati buledi wa m'shopu, utuchi uli mbuu pomwepo. Dothi osapaka, ndowe osapaka. Ngakhale mwana woyamwa akanaona kuti iyi ndi sowo.

Ine sanandiyang'ane. Anapita molunjika pa chitsa, natsitsa zidutswazo pamapazi a mnzakeyo.

"Mwana," anatero, monga ankaitanirana ali kudambo, "goli yanga yathyoka."

Abambo anatola chidutswa chimodzi. Anayang'ana pochekapo, nayang'ana tcheyamani, nayang'ananso pochekapo. Ine ndinati lero zonse zaululika, munthuyu adziwa kuti mudzi wonse wakhala ukumusewera ngati mwana, ndipo abwerera m'dzenje lozama kuposa loyamba.

"Yathyoka bwanji?" anafunsa.

"Yangothyoka chabe," anatero tcheyamani, thukuta likutsika m'khosi.

Abambo anapukuta utuchi uja ndi chala, pang'onopang'ono. "Ng'ombe zako ni zija ziwiri zofiira? Ija ya kumanzere ili na khosi yaikulu. Tiye nikaione."

Galimoto inafika iwo akubwerako kuthengo, mtengo uli pamapewa a anthu awiri, tcheyamani suti yonse ili makungwa okhaokha. Munatsika dalaivala ndi bambo wina wa yunifolomu, pepala m'manja, kufunsa kuti wodwala ali kuti. Tcheyamani anatula mtengo, napukuta manja, n'kuyankhula ndi mawu ake a pamsonkhano.

"Makomuredi, pepani petulo. Uyu munthu sangachoke. Ali pa ntchito ya chitukuko, mudzi wonse uyembekeza magoli. Kalata ya ba dokota iyi, achilira pa nyumba. Ine nizasaina."

Anasaina ndi bolopeni imodzi, inakana, natenga inzake. Ndi tsiku lokhalo limene ndinaona phindu la bolopeni ziwiri zija. Alendowo ndinawaphikira tiyi ndi mbatata, anadya, anapita. Malaya awiri aja ndinawabwezera m'bokosi munthu asanawaone.

Mvula inagwa patatha masiku anayi, goli la tcheyamani litatha dzulo lake. Munda wathu anatilimira eni magoli aja ndi ng'ombe zawo, aliyense tsiku lake, popanda kalata. Abambo anamwa mapilisi chaka chathunthu, adokotala akubwera pa njinga mpaka anadzati basi. Nthendayo inkabwerako nthawi zina, makamaka mwezi umene ng'ombe zinafa, koma tinali titaidziwa mayendedwe ake. Ndikangoona ayamba kuyang'ana pansi, ndinkatuma mawu ku kiliniki, kwinaku ndikuuza mlamu kuti abwere ndi chothyoka chilichonse. Amuna a m'mudzi nawo anaphunzirapo, anayamba kusonkherana kugula mankhwala opopera ng'ombe okha, osadikira dibi.

Adzukulu anga ophunzira akamakangana za boma, kuti lichite zambiri kapena zochepa, ine ndimawauza zimene ndinaona. Boma limene linandithandiza linali bambo wadazi wa pa njinga, amene anabweretsa mankhwala pafupi, nandiuza zoona, n'kundisiyira munthu wanga. Zimenezo ife sitikanatha, mapilisi sitisema. Koma boma likafuna kukhala tate ndi mayi, anthu amaiwala kuti ali ndi manja, mpaka munthu wabwino ngati tcheyamani amatuma pepala kukaona mnzake. Mchere ndi wofunika m'ndiwo, koma palibe amadya mchere wokha.

Zaka zinapita, chipani chimodzi chinatha, tcheyamani anamwalira, ng'ombe tinagulanso ziwiri. Chinsinsi cha magoli ndinachisunga, ndipo mudzi wonse unandisungira. Ndinkanyada nacho kuti mwamuna wanga, mmisiri wotchuka, ndinamupusitsa ine.

Tsiku lina, tonse imvi zili mbuu, tinkagwetsa shedi yakale imene chiswe chinadya. Mwana wathu wamkulu atachotsa malata, pamwamba pa mitanda panagwa mtolo womangidwa bwino ndi waya. Zidutswa za magoli. Ndinaziwerenga: magoli asanu ndi awiri, onse pawiripawiri, la tcheyamani lili pamwamba. Ine ndinkayesa kuti tinasonkhera moto kalekale.

"Imwe, ivi munasungira chani?" ndinafunsa, mawu ndikuwaongola.

Abambo anawerama movutikira, natola chidutswa cha goli la mlamu, loyamba lija. Anakanda dothi louma ndi chikhadabo n'kundionetsa.

"Amake mwana, goli ikathyoka pa ntchito imasiya minga, siisalala so. Ndipo iyi mizere ni ya sowo yanga. Ili na dzino imodzi yopindika."

"Munadziwa liti?"

"Tsiku yoyamba. Ndowe munapaka maningi."

Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi. Zaka zonsezi! Ndinati, "Nanga osakamba bwanji? Munatisiya tivutike, ine kuyenda na sowo mu chitenje monga kawalala, katekisiti kuchimwa, mulamu kunama?"

Anakhala pansi pa mulu wa njerwa, chidutswa chija chili pamiyendo, akuchisisita monga ankasisitira ng'ombe yakuda.

"Ine n'nali kuganiza kuti nilibe ntchito pa dziko," anatero. "Manje naona munthu wathyola goli yake, mvula ili pafupi, chifukwa cha ine. Mailo wina. Mailo wina. N'nali kuwerenga." Anandiyang'ana. "Nikanakamba, sembe munaleka kubwera."

Ine wa pakamwa uja ndinangokhala pambali pawo pa njerwazo, mwana wathu n'kumatiyang'ana osamvetsa. Abambo anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndi matenda a ukalamba, pa bedi lawo, m'nyumba mwawo. Mtolo uja uli m'chipinda changa, ndipo ana ndinawauza kale kuti ngakhale nkhuni zitasowa bwanji, umenewo asaukhudze.